Bornwell ndi Mbale ya Adada

Bornwell Nyirenda anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'mudzi wina kwa Kapichila, ku Lundazi. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kudya pa mbale ya bambo ake. Kwawoko bambo amawaitana kuti Adada.

Pakhomo pawo panali mphasa ziwiri. Ina inali pansi pa mtengo wa mango. Pamenepo pankadyera Adada ndi Darius, mkulu wake wa Bornwell. Awiriwa ankadya mbale imodzi. Mphasa ina inali pakhomo pa khitchini. Pamenepo pankadyera Amama ndi Linah, mlongo wake wamng'ono. Linah ankadzipaka ndiwo mpaka m'makutu.

Chaka chimenecho Adada anati, "Bornwell, wakula. Bwela kuno."

Bornwell anasamba m'manja pambuyo pa Darius. Anakhala pansi pa mango. Anatema nsima pa mbale ya Adada. Tsiku limenelo anayenda chifuwa chili patsogolo ngati tambala.

Koma chisangalalocho sichinakhalitse.

Inali nthawi yokolola. Adada ankatuta chimanga pa ngolo. Bornwell anakwera pamwamba pa chimangacho. Tayala linagunda chitsa. Ngolo inadumpha. Bornwell anagwa. Anagwera mkono wamanja. Fupa linathyoka pafupi ndi chigongono.

Anathamanga naye ku chipatala cha ku Boma. Kumeneko anati, "Fupa lasuntha. Pitani naye ku Chipata." Anakwera minibasi ndi Amama. Ulendo unali wautali. Mabampu onse ankafika pa mkono.

Ku Chipata madokotala anamugoneka ndi mankhwala. Anamuchita opaleshoni. Analumikiza fupa ndi timawaya. Kenako anakulunga mkono m'chikhakha. Chikhakhacho chinali choyera. Chinali cholimba gwa. Chinayambira pa zala mpaka pafupi ndi phewa.

"Chikhakha ichi chisanyowe," anatero dokotala. "Muli bala m'kati."

Bornwell sanalire kwambiri. Analira pang'ono chabe, chofunda chili kumutu. M'chipatala ankangoganiza za kwawo. Ankaganiza za mphasa ya pansi pa mango.

Tsiku lotuluka linafika, ndipo anabwerera kwawo. Anthu a m'mudzi anabwera kudzamuona. "Monire, Bornwell," ankatero. Aliyense ankafuna kugogoda chikhakha. Bornwell analola. Iye ankadikira madzulo.

Dzuwa linapendeka. Darius anabwera ndi beseni. Adada anasamba m'manja. Darius anasamba. Bornwell anasamba dzanja lamanzere. Anakhala pamalo pake. Adada anapemphera. Bornwell anatambasula dzanja lamanzere lija. Zala zinatsala pang'ono kukhudza nsima.

"Iyayi," anatero Adada. Anagwira dzanja la Bornwell. "Lamanzele sililowa m'mbale ya anthu."

"Koma lamanja lili m'chikhakha, Adada."

"Nidziwa, mwana wanga. Pita kwa Amama. Akupatsa mbale yako. Wodwala adya yekha bwinobwino."

Adada sananame. Lamulo limeneli ndi lakale. Dzanja lamanzere lili ndi ntchito zake zina, ndipo aliyense amazidziwa. Koma Adada analankhula maso ali pa ndiwo. Sanayang'ane nkhope ya mwana wawo. Akulu amatero nthawi zina.

Bornwell anadzuka. Anayenda kupita ku khitchini. Mtunda wake unali waufupi. Kwa iye unatalika kuposa msewu wa ku Chipata.

Amama anamupatsa kambale kapulasitiki. Anamupatsa supuni. Pambali anaikapo dzira lokazinga.

"Ona," anatero Amama. "Dzila lako wekha."

"Sinifuna dzila."

"Idya kuti fupa lilimbe."

"Sinifuna supuni."

Linah anasangalala kwambiri. Anaomba m'manja. "A Bornwell abwela kwa ise," anatero.

Mawu amenewa anamubaya Bornwell. Anakwiya. Anakwiyira supuni. Anakwiyira kambale. Anakwiyira dzira, ndi nkhuku imene inaikira dziralo. Anadya pang'ono, msana atalozetsa ku mango. Kumeneko Adada ndi Darius ankacheza. Ankaseka ngati palibe chimene chachitika.

Mawa lake zinali chimodzimodzi. Mkuja wake zinali chimodzimodzi. Kambale, supuni, dzira. Kambale, supuni, dzira.

Amama ataona kuti sakudya, anawonjezera zabwino. Tsiku lina anamugulira bani. Tsiku lina anamuphikira mbatata. Bornwell ankangotsina pang'ono n'kukankha mbale.

"Uli na mwayi iwe," anatero Darius. "Ine nkhwani tsiku lililonse. Iwe mazila."

"Tengani mazila anuwo," anayankha Bornwell.

Darius anadabwa. Anatenga dziralo n'kudya. Darius sankakana chakudya.

"Ni mkono umuwawa," anatero Amama.

"Ni mankhwala amusowetsa njala," anatero Adada.

Mkono unkawawa ndithu. Unkayabwanso m'kati, malo osafikika. Koma vuto silinali mkono. Silinalinso mankhwala. Onse ankamukonda Bornwell. Onse ankaganiza kuti akudziwa vuto lake. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa.

Mkwiyo unakula. Bornwell anamenya chitini ndi phazi. Anapirikitsa anapiye osalakwa. Linah anabwera ndi choko kuti ajambule duwa pa chikhakha.

"Choka apa," anakalipa Bornwell. "Sindine mnzako."

Linah analira. Bornwell anamva chisoni. Chisonicho chinamukwiyitsanso.

M'mawa Adada ankamulonjera. "Wauka uli, Bornwell?" Bornwell ankayang'ana pansi. Ankayankha ndi kukhosi. Uku kunali kupanda ulemu, ndipo iye ankadziwa.

Tsiku lina Bornwell anaganiza nzeru. Sinali nzeru yabwino. Nzeru za munthu wokwiya sizikhala zabwino kawirikawiri.

"Lamanja likatuluka, nizabwelela pa mbale," anadziuza.

Anali masana. Adada ndi Darius anali kumunda. Amama ankapeta mtedza kuseri kwa khitchini. Bornwell anatenga supuni ija. Anatenganso kachidebe ka madzi. Anabisala kuseri kwa nkhokwe.

Anayamba kupala chikhakha ndi supuni. Kwe, kwe, kwe. Chikhakha chinakana. Anapalanso. Kwe, kwe, kwe. Supuni inapindika.

Ndiye anathira madzi. Anathiranso. Chikhakha chinayamba kufewa ngati bani wogwera mu tiyi. Madzi oyera anayenderera pa zala. Bornwell anamva kuzizira m'kati. Anamvanso kuwawa kwachilendo.

Linah anasuzumira. Anaona zonse. Anathamanga.

"Amama, a Bornwell asambitsa chikhakha."

Lichero linagwa. Mtedza unamwazika. Amama anafika akuthamanga. Anaona chikhakha chofewa. Anagwira mutu ndi manja awiri.

"Bornwell, wachita chani? Sunamve adokotala? Ufuna mkono uwole?"

Milomo ya Bornwell inali itatupa ndi mkwiyo.

Adada anaitanidwa kuchokera kumunda. Anabwera thukuta lili kamukamu. Anayang'ana chikhakha. Anayang'ana supuni yopindika. Nawonso anakwiya.

"Munapita mpaka ku Chipata chifukwa cha mkono uwu," anatero. "Amama ako anagona pansi m'chipatala. Iwe uthila madzi?"

Anatulutsa njinga. Anamanga pilo pa kaliyala. Anamukweza Bornwell mosamala.

Adada anapalasa mokwiya. Bornwell anakhala kumbuyo mokwiya. Anadutsa minda ya fodya yokolola kale. Anadutsa azimayi osenza nkhuni. Tcheni chokha ndicho chinkalira.

Ku chipatala cha ku Boma anapeza namwino. Dzina lawo linali a Petronella. Anali aafupi, a manja ozizira. Anadula chikhakha chofewacho. Anayang'ana bala. Analipukuta bwinobwino.

"Madzi sanafike pa timawaya," anatero. "Koma kunatsala pang'ono. Akanafika, ukanabwelela ku Chipata."

Adada anapuma mozama. A Petronella anakulunga chikhakha chatsopano. Atamaliza anakoka mpando. Anakhala moyang'anana ndi Bornwell.

"Tsopano niuze. Unafuna chani?"

Bornwell anayang'ana chikhakha chatsopanocho.

"Munali kuyabwa?"

"Iyayi."

"Chinali kukufinya?"

"Iyayi."

"Nanga chani?"

A Petronella anadikira. Sanafulumire. Bornwell anayesa kumeza mawu. Mawuwo anakana. Anatuluka onse pamodzi, ndi misozi yomwe.

"Adada ananichotsa pa mbale. Ananibweza kwa Linah. Ine sindine mwana. Nifuna dzanja langa. Nifuna malo anga."

Adada anavula chipewa. Anachitembenuza m'manja. Anachitembenuzanso.

"Ine ninaganiza kuti ukondwa na mazila," anatero chapansipansi.

"Sinifuna mazila, Adada."

A Petronella anadzuka n'kuyamba kutsuka beseni. Beseniyo inali yoyera kale.

Pobwerera Adada anapalasa pang'onopang'ono. Atafika pa mlatho anaima. Anatembenuka.

"Bornwell, ninalakwa. Sininakufunse."

Bornwell anayang'ana pansi.

"Koma iwenso unalakwa kuthila madzi."

"Enya, Adada," anavomera Bornwell.

"Usazachitenso."

"Sinizachitanso."

Madzulo Darius anabwera ndi beseni. Adada anasamba. Darius anasamba. Amama anatulutsa kambale kapulasitiki.

"Kabwezeni kameneko," anatero Adada. "Bornwell, khala apa."

Bornwell anakhala pamalo pake. Adada sanathyole lamulo. Lamanzere silinalowe m'mbale. Iwo anatema mbamu ndi dzanja lawo. Anaisunsa mu ndiwo. Anaiika m'dzanja lamanzere la Bornwell.

"Yako," anatero. Anatemanso ina. "Yanga."

Yako, yanga. Yako, yanga. Anadya choncho mpaka mbale inayera.

Mkwiyo wa Bornwell unachepa. Koma sunathe. Mphasa inali yake, inde. Dzanja linali la Adada. Adada ndi amene ankasankha ndiwo. Adada ndi amene ankadziwa kukula kwa mbamu. Ndipo chabwino chikatsala m'mbale, ankati, "Darius, siyila wodwala."

Darius ankasiya, nkhope itagwa. Bornwell ankalandira, nkhope itagwanso. Mawu akuti wodwala ankadana nawo kwambiri.

Masabata anapita. Mphepo yozizira inatha. Anabwereranso ku Boma. Adokotala anachotsa chikhakha. Anachotsanso timawaya tija. Bornwell anatseka maso mwamphamvu. Atawatsegula anaona mkono wake.

Mkonowo unali woonda. Khungu linali lotuwa, likusupuka. Unkanunkha ngati sokosi ya Darius.

A Petronella anaugwira mofatsa. "Fupa lalumikizana bwino," anatero. "Koma chigongono chagona nthawi yaitali. Chauma. Uzichita tele tsiku lililonse. Pinda. Tambasula. Pinda. Tambasula. Pang'onopang'ono. Munthu wina asaukoke."

"Enya," anatero Bornwell. Koma sankamva. Maganizo ake anali kale pa mphasa.

Kunyumba Linah anayang'ana mkonowo. Anabisala kumbuyo kwa Amama. "Si wa a Bornwell uwu," anatero. "Asinthanitsa."

Bornwell sanasamale. Madzulo anasamba dzanja lamanja. Analisamba kawiri kuti onse aone. Anakhala pamalo pake. Anaweramira mbale. Zala zinali zofooka, koma zinatema. Zinasunsa mu ndiwo.

Anakweza dzanja. Linakwera. Linakwera. Linafika pachifuwa n'kuima.

Anayesanso. Chigongono chinakana. Chinawawa ngati munga. Bornwell anatalikitsa khosi. Anatsegula pakamwa. Mbamu inali pafupi. Pakamwa panali pafupi. Koma sizinakumane.

Zala zinatopa. Mbamu inagwa pa mphasa. Nkhuku inathamanga n'kuitola.

Darius anayesa kudzigwira. Analephera. Kaphwete kanatuluka m'mphuno.

Bornwell anayaka moto. "Useka chani iwe?" anakuwa. Anali asanamunenepo mkulu wake kuti iwe. Anadzuka. Anagunda beseni ndi phazi. Madzi anatayika. Anathamangira kuseri kwa nkhokwe.

Analira ndi mkwiyo. Anadikira nthawi yonseyi. Anapirira kuyabwa. Anapirira timawaya. Tsopano mkono wake womwe ukumukana.

Adada anamutsatira. Anakhala pa mwala pafupi naye.

"Bwela, nikupatse monga kale."

"Sinifuna dzanja lanu. Nifuna langa."

"Lako lizafika."

"Liti?"

"Sinidziwa," anatero Adada. "Sinizakunamiza. Koma malo ako sakhalapo munthu."

Kenako mimba ya Bornwell inalira. Adada anamva. Sanaseke. Anangodzuka, ndipo Bornwell anawatsatira. Darius anali atatunga madzi ena.

"Pepa, Bornwell," anatero Darius.

"Pepani inunso," anayankha Bornwell, maso ali kumbali.

Yako, yanga. Yako, yanga. Usikuwo anadyanso ndi lamanzere.

M'mawa Bornwell anapita kuseri kwa nkhokwe. Anatenga mtedza wodzaza thumba la kabudula. Sanalinso kuwakwiyira Adada. Sanalinso kumukwiyira Darius. Tsopano mkwiyo wonse unapita pa mkono.

"Iwe mkono," anatero. "Ndiwe waulesi. Wagona mokwana. Uka."

Anagwira mtedza umodzi ndi zala zamanja. Pinda. Tambasula. Pinda. Tambasula. Dzanja linafika pachifuwa. Mtedza unagwa.

Kadzanja kena kanautola. Anali Linah. Anauponya m'kamwa.

"Gwetsani wina," anatero.

Bornwell anamuyang'ana ndi diso lofiira. Linah sanathawe. Anakhala pansi, manja ali chire. Bornwell anakumbukira tsiku la choko lija. Sanamuthamangitse.

Pinda. Tambasula. Mtedza unagwa. Linah anadya. Pinda. Tambasula. Mtedza unagwa. Linah anadya. Tsiku limenelo Linah anakana chakudya chamasana.

Bornwell anachita izi tsiku ndi tsiku. Asanapite kusukulu ankapinda. Akaweruka ankapinda. Ankapinda uku akukalipa.

"Waulesi iwe. Kwela."

Dzanja linachoka pachifuwa. Linafika pakhosi. Bornwell sanasangalale. Khosi lakunja silimeza kanthu.

Patapita masiku linafika pachibwano. Ndiye linakhazikika pamenepo. Lero pachibwano. Mawa pachibwano. Mkuja pachibwano pomwepo. Bornwell ankatulutsa lilime. Lilime linali lalifupi.

Tsiku lina anatopa nazo. Anamwaza mtedza wonse. Nkhuku zinachita phwando.

"Basi," anatero. "Sinipindanso. Mkono uwu ni woipa."

Amama anamva. Anabwera ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda. Anaikulunga pa chigongono. Sanamukalipire. Sanamunyengererenso ndi dzira. Nawonso anali ataphunzirapo.

"Wakwiya?" anafunsa.

"Nakwiya."

"Kwambili? Maningi?"

"Maningi."

"Chabwino. Kwiya mmene ufunila. Koma pinda."

Bornwell anafwenthera. Anapukuta mphuno ndi lamanzere. Anatola mtedza umodzi umene nkhuku zinaphonya. Pinda. Tambasula. Anapinda mano atalumana.

Nthawi yotentha inayamba. Minda inali itayera. Loweruka lina Darius anatenga khasu m'mamawa. Anapita ndi anzake kukakumba mbewa. Anabwera madzulo ali fumbi lokhalokha. Anabwera ndi mbewa zonona.

Amama anaziphika ndi mchere. Anaziumitsa pamoto. Fungo linafika mpaka kwa aneba. Anagawa zina za iwo ndi Linah. Zina anaika m'mbale ya pansi pa mango.

Adada anasamba. Darius anasamba. Bornwell anasamba manja onse awiri. Ankatero masiku onse, ngakhale lamanja linkangokhala pa bondo.

Yako, yanga. Yako, yanga. Mbewa zinali zokoma. Zinatha msanga. M'mbale munatsala imodzi. Inali yonona kuposa zonse.

"Darius," anayamba Adada, "siyila..."

"Iyayi, Adada," anatero Darius mwaulemu. "Nakumba ndine. Napsa na dzuwa ndine. Uyu athamanga tsiku lonse. Masiku onse nimusiyila. Lelo ni yanga."

Darius anatambasula dzanja.

Bornwell anaona dzanjalo likupita. Anaona mbewa yonona ija. Mkwiyo unakwera. Sanaganize za chigongono. Sanaganize za chibwano. Sanaganize chilichonse.

Dzanja lamanja linachoka pa bondo. Linalowa m'mbale. Linatsomphola mbewa pansi pa zala za Darius. Linakwera. Linadutsa chifuwa. Linadutsa chibwano. Bornwell analuma.

Anatafuna mokwiya. Anatafunanso. Kenako anaona kuti onse akumuyang'ana. Darius anali kukamwa yasa. Adada anali ndi mbamu m'dzanja, ili m'malere.

Bornwell anasiya kutafuna. Anayang'ana pansi pa mphuno yake. Panali zala. Zinali zala zake. Zinali za dzanja lamanja.

"Lafika," ananong'ona.

Chigongono chinkawawa pang'ono. Anatsitsa dzanja. Analikwezanso. Linafika. Analumanso.

"Amama," anaitana Darius. Anali ataiwala za mbewa yake. "Bwelani muone. Lafika."

Amama anabwera akupukuta manja. Linah anabwera pambuyo, ndiwo zili m'masaya. Bornwell anawaonetsa. Pinda. Dzanja linafika pakamwa. Amama anakhala pansi pomwepo. Anaphimba nkhope ndi chitenje. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Ndiye mtedza sugwanso?" anafunsa Linah modandaula.

Onse anaseka. Bornwell naye anaseka. Anali ataiwala kuti kuseka kumakoma chonchi. Anabenthula mbewa yotsalayo. Anapatsa Darius mbali ina.

"Mwakumba ndinu," anatero.

Adada anayang'ana mbamu imene inali m'dzanja lawo. Inali ya Bornwell. Anaiyang'ana kanthawi. Kenako anaidya okha.

"Darius," anatero Adada. "Kuyambila lelo usamusiyile kanthu. Pano palibe wodwala."

Amama anakoka mphasa yawo n'kuiyala pafupi. Anabweretsa nkhwani wotsala mumphika. Adada anakankhira mbale pakati.

Bornwell anatema yekha. Anasunsa yekha. Anasankha pamene panali nsinjiro zambiri. Anatema ina, yaikulu kuposa yoyamba.

"Idyani msanga, a Darius," anatero. "Ndiwo zitha."